Wantchito mmodzi, mabwana awiri

Kukhala ndi mabwana awiri kapena atatu pantchito imodzi ndi chinthu chimene achinyamata ambiri amakumana nacho asanachiganizire n'komwe. Kalata yolembera munthu ntchito imatchula udindo umodzi ndi malipiro amodzi, koma mwezi usanathe mwana uja amapeza kuti omutuma ndi ambiri, ndipo aliyense wa iwo ali ndi ufulu womutuma. Wina ndiye amasayina fomu ya tchuthi, wina ndiye mwini pulojekiti imene ikubweretsa ndalama, winanso ali kulikulu, sanamuonepo nkhope, koma lipoti lake amalifuna mwezi ndi mwezi. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Mwambiwu umadzudzula munthu amene anali ndi danga losankha phanga limodzi koma n'kumazengereza panja mvula ikugwa. Wantchito wa mabwana awiri sanasankhe kukhala pakati. Anamuikapo ndi amene anakonza kayendetsedwe ka ntchitoyo, ndipo nthawi zambiri sangachokepo. Chimene angaphunzire ndi kakhalidwe ka pakatipo.

Mkangano woti munthu akhale ndi omuyang'anira angati ndi wakale. Mu 1903 injiniya wa ku America, Frederick Taylor, analemba kuti kapitawo mmodzi sangadziwe zonse za m'fakitale, choncho ukapitawo anaugawa pasanu ndi patatu. Akapitawo anayi ankakhala mu ofesi kukonza ndondomeko ya ntchito, malangizo olemba, nthawi ndi mtengo wa ntchitoyo, komanso mwambo wa antchito. Anayi enawo ankakhala pamakina pomwepo: woyang'anira gulu, woona liwiro la makina, woona ngati katundu watuluka bwino, ndi wokonzetsa zowonongeka. Mmisiri mmodzi ankayenera kumvera onsewo. Ku France, Henri Fayol, amene anayendetsa kampani ya migodi ndi zitsulo ya Commentry-Fourchambault kwa zaka 30, anatsutsa maganizo amenewa. M'buku lake la 1916 anaika mfundo 14 za kayendetsedwe ka ntchito, ndipo imodzi inali yoti pachinthu chilichonse munthu azilandira lamulo kwa mkulu mmodzi yekha. Iye ankaona kuti malamulo akamachokera kuwiri, ulemu wa akuluakulu umachepa, mwambo umasokonekera, ndipo pamapeto pake mmodzi mwa mabwanawo amatsala ndi dzina lokha.

Kwa zaka zambiri anthu anatsata Fayol, mpaka ntchito zina zinakula mopitirira muyeso wa mkulu mmodzi. M'zaka za m'ma 1960, pamene America inkakonza zotumiza munthu kumwezi, anthu pafupifupi 400,000 anagwira nawo ntchito ya Apollo. M'makampani opanga zida za ulendowo, injiniya ankakhala ndi mkulu wa nthambi ya luso lake, amene ankaona za maphunziro ndi kukwezedwa kwake, komanso mkulu wa pulojekiti, amene ankaona kuti chipangizo chakuti chithe tsiku lakuti. Munthu anafikadi kumwezi mu 1969, ndipo makampani ambiri anatengera kachitidweka. Kampani ya ABB, imene inabadwa mu 1988 pamene ASEA ya ku Sweden inaphatikizana ndi Brown Boveri ya ku Switzerland, inatchuka nako pansi pa Percy Barnevik: mkulu wa fakitale ankayankha kwa woyang'anira dziko limene fakitaleyo ili, komanso kwa woyang'anira mtundu wa katunduyo padziko lonse. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kampaniyo inayamba kuchepetsa dongosololi. Taylor ndi Fayol onse anali ndi mbali yawo yoona, ndipo mkangano wawo sunathe mpaka lero. Umangosamuka kuchoka m'mabuku n'kukatera padesiki ya kalaliki wachinyamata.

Kuno kwathu ubwana wapawiri uli ponseponse. Chiyambire 1998, pamene boma la Malawi linakhazikitsa ndondomeko ya mphamvu ku anthu pamodzi ndi lamulo la maboma ang'ono, mkulu wa zaumoyo, wa zaulimi kapena wa maphunziro m'boma amayankha kwa DC, amene ndiye mkulu wa ogwira ntchito kukhonsolo, koma ndondomeko za ntchito yake zimachokerabe ku unduna, ku Capital Hill. Namwino wa pachipatala cha mishoni chimene chili pansi pa CHAM amalandira malipiro ochokera kuboma pamene eni chipatalacho ndi mpingo. Mphunzitsi wa pasukulu ya mishoni ali ndi ahedi, ali ndi a PEA, ali ndi ofesi ya maphunziro kuboma, ndiponso ali ndi abusa kapena ansembe amene salephera kunenapo mawu. Mlangizi wa zaumoyo wa kumudzi ndiye amaposa onse: amamuyang'anira ndi a zaukhondo, pachipatala chaching'ono pali mkulu wake, ndipo oyendetsa mapologalamu a katemera, malungo, chifuwa chachikulu ndi kadyedwe koyenera aliyense amabwera ndi kaundula wakewake. Mabungwe omwe si aboma akafika m'deralo amafunanso munthu yemweyo, poti ndiye amadziwa midzi ndi mafumu ake.

Zoterezi si zachilendo kwenikweni kwa Mchewa. Mwana wa m'banja la chikamwini amakula ndi bambo ake komanso atsibweni ake, mwini mbumba. Onse awiri ali ndi mawu pa iye, koma mawuwo ali ndi malire odziwika, ndipo bambo ndi atsibweni akasemphana, mwana sakhala woweruza. Amakumana ndi akuluakulu okhaokha, ankhoswe a mbali zonse ali pomwepo, mwana n'kungomva chimene chagamulidwa. Nzeru imeneyi ndi imene imasowa m'maofesi ambiri. Mabwana awiri akafuna zinthu zosemphana, mlanduwo ndi wawo. Wantchito amene amautenga n'kumagona nawo kunyumba wasenza katundu wa eni ake.

Chimene chimachitika mumtima mwa munthu woikidwa pakati chinafufuzidwa kale. Mu 1964 Robert Kahn ndi anzake a ku yunivesite ya Michigan anafalitsa kafukufuku wa anthu amene amalandira zofuna zosemphana pantchito. Anapeza kuti anthu otere amakhala ndi nkhawa, ntchito siwakomera, ndipo sakhulupirira akuluakulu awo. Anapezanso kuti ambiri amayamba kuzemba anthu amene akuwapanikizawo, n'kuchepetsa kulankhula nawo. Apa ndi pamene pali msampha, chifukwa kuzembako kumakulitsa vuto lomwelo. Bwana amene sakumva kanthu amaganiza kuti zonse zili bwino, kapena kuti mwanayo ndi waulesi, ndiye amawonjezera ntchito kapena ukali. Amene anagwirapo ntchito mu ofesi amamudziwa mnyamata wotere: foni ikalira amayamba wayang'ana dzina n'kuisiya ilire, akamva mawu a bwana pakhonde amalowera kuchimbudzi, Lachisanu amadwala mutu.

Choyamba chimene mwana wongolembedwa kumene ayenera kuchita ndi kufunsa malire, ntchito isanatenthe. Safunsa anadya phula. Mafunso ake ndi ochepa koma ofunika: ndani amaloleza tchuthi, ndani amalemba za kagwiridwe kake ka ntchito pakutha pachaka, ndani angamupatse chilango, ndalama za malipiro ake zimachokera m'thumba liti, ndipo awiriwo akasiyana maganizo womaliza kulankhula ndani. Kawirikawiri mabwana awiri safanana mphamvu. Mmodzi amakhala mwini munthuyo, winayo amakhala mwini ntchito imene munthuyo wabwerekedwera. Lamulo la ntchito la Malawi la 2000 limafuna kuti wolemba ntchito apereke kwa wantchito chikalata chofotokoza za ntchito yake, ndipo kupempha kuti chikalatacho kapena kalata ina itchule omuyang'anira si mwano. Ngati ntchitoyo yagawidwa kuti masiku atatu kwa uyu, awiri kwa uyo, zilembedwe. Mabwana ambiri akamagwirizana zobwerekana munthu amangolankhula pakamwa, aliyense n'kuchoka akuganiza kuti wapeza munthu wathunthu, ndipo theka ndi theka limasanduka ntchito ziwiri zathunthu pamsana pa munthu mmodzi.

Vuto lalikulu la ana oleredwa bwino ndi mawu akuti "chabwino bwana". Kunyumba anaphunzitsidwa kuti wamkulu sakanizidwa, wamkulu akatuma umanyamuka, ndipo chiphunzitsocho n'chabwino. Koma mu ofesi ya mabwana awiri ulemu womwewo umabala bodza. M'mawa mayi oyang'anira ndalama anena kuti malisiti onse a mwezi watha akhale atalowa mukompyuta pofika Lachitatu. Mtsikana ayankha kuti chabwino madamu. Masana bambo oyang'anira pulojekiti anena kuti mawa m'bandakucha tikupita kumudzi, tikabwera Lachinayi. Ayankhanso kuti chabwino bwana. Iye akudziwa mumtima kuti ziwirizi sizingatheke, koma pakamwa pakana kutsutsa. Akuyembekeza kuti mwina ulendo ulephereka, mwina madamu aiwala, mwina agwira usiku. Lachitatu likakwana, madamu sadzakumbukira kuti mwanayu anayankha mwaulemu. Adzakumbukira kuti analonjeza ndipo sanachite. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada, ndipo pano chokomacho ndi nkhope yosangalala ya bwana aliyense panthawi imene akuuzidwa inde.

Njira yake siyofuna kukana. Wantchito wamng'ono alibe mphamvu yokana, ndipo alibenso mphamvu yosankha kuti ntchito ya uyu ndiyo yofunika kuposa ya uyo. Akasankha yekha walanda udindo umene si wake, ndipo wotsalayo adzamusungira chakukhosi. Chimene ali nacho ndi chidziwitso chimene mabwana onse awiri alibe, choti zofuna zawo zawombana. Mtsikana uja akanayankha kuti: "Zikomo bwana, ndamva. Koma madamu andipatsa malisiti oti athe Lachitatu, ndipo ndikachoka mawa sangathe. Mungalankhule nawo kuti mundiuze choyamba ndi chiti? Kapena ndiwaitane tikambirane pompano?" M'mawu amenewa mulibe mwano. Ntchito zonse ziwiri wazivomera, nthawi yokha ndiyo wanena kuti siyokwanira, ndipo chigamulo wachibwezera kwa eni ake. Zimathandizanso kubwera ndi maganizo m'manja: kuti ulendo uyambe Lachinayi, kapena kuti apite wina, kapena kuti malisiti a pulojekiti yokhayo ayambe kulowa. Bwana wotanganidwa savutika kusankha pa zinthu ziwiri zimene zaikidwa patebulo, koma akangopatsidwa dandaulo lopanda njira amakwiya.

Nthawi yonenera ndi pomwepo, kapena tsiku lomwelo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mabwana sangadziwe kuti mwana wapanikizika ngati iye sanena, chifukwa aliyense amaona mbali yake yokha. Kunena Lolemba kuti Lachitatu sizitheka ndi kuthandiza. Kunena Lachitatu madzulo ndi kupepesa, ndipo kupepesa kukachuluka kumatopetsa womva.

Pali chinthu chimodzi choyenera kupewa pamenepa, ndicho kusanduka mthenga. Bwana wina amati, "Kawauze kuti ineyo ndanena kuti upita." Winayo n'kuyankha kuti, "Kawauze kuti malisitiwo akapanda kutha, ndalama za ulendo wawowo sizituluka." Mwana akavomera kuyenda ndi mawu otere amakhala ngati ndiye wawalankhula, ndipo mkwiyo umene unayenera kupita kwa mnzawo umathera pa iye. Kandimverere anakanena za m'maluwa: mawu oyenda ndi munthu wachitatu amafika atasintha, ngakhale mthengayo akhale woona mtima. Ndi bwino kupempha modzichepetsa kuti akuluakuluwo aimbirane foni, kapena kulemba uthenga umodzi wopita kwa onse awiri wofotokoza ntchito ziwirizo ndi masiku ake, n'kupempha kuti amuuze choyambira.

Kulemba ndi chishango cha munthu wapakati. Malamulo ambiri a mu ofesi amaperekedwa pakhonde, pokwera galimoto kapena pafoni madzulo, ndipo woperekayo amaiwala msanga kuposa wolandira. Dalaivala wa pakhonsolo kapena pabungwe amadziwa bwino zimenezi. Galimoto ndi imodzi, ofuna kuyenda ndi anayi, ndipo aliyense ndi bwana kwa iye. Dalaivala wanzeru sanyamuka popanda chikalata cha ulendo chosayinidwa ndi woyang'anira magalimoto, ndipo m'logibuku amalemba tsiku, kumene wapita, makilomita ponyamuka ndi pofika, mafuta amene wathira, n'kupempha amene wamunyamulayo asayine. Ena amamuona ngati wovuta. Koma mafuta akasowa kapena mkulu wina akafunsa chifukwa chimene galimoto sinapite kukatenga katemera, logibukuyo ndiyo imamulankhulira. Wantchito wina aliyense akhoza kuchita chimodzimodzi ndi kabuku ka hadikava: tsamba lililonse tsiku lake, wotuma ndani, watuma chiyani, chifunika liti. Lamulo lapakamwa likakhala lalikulu, alitsatize ndi uthenga waufupi wa pa WhatsApp kapena imelo wonena kuti ndamva kuti ndichite chakuti pofika tsiku lakuti, ngati ndamva molakwa mundikonze.

Pamwamba pa izo, Lolemba lililonse atumize kwa mabwana onse mndandanda umodzi wa ntchito za sabatayo, ntchito za uyu ndi za uyo papepala limodzi. Phindu lake n'lakuti bwana aliyense amaona ndi maso ake kuti sali yekha, ndipo ambiri akaona katundu amene mnzawo wasenzetsa kale mwanayo amachepetsa okha. Chizolowezichi chiyambike masiku amtendere. Munthu amene sanatumizepo kanthu kwa onse awiri, ndiye n'kuyamba tsiku limene wakangana ndi mmodzi, amaoneka ngati akumuneneza.

Mabwana amasiyana makhalidwe, ndipo apa pamagona chinyengo china. Pamakhala bwana waphokoso, amene ali pafupi, amalowa mu ofesi kangapo patsiku ndipo chilichonse kwa iye n'chamsangamsanga. Pamakhalanso bwana wofatsa kapena wakutali, amene amanena kamodzi n'kudikira. Mwachibadwa munthu amathamangira waphokosoyo kuti apeze mtendere, ntchito ya wofatsa n'kumatsalira sabata ndi sabata. Wofatsayo sakalipa, koma amaona, ndipo kawirikawiri ndiye amene cholembera chake chimafika patali. Kufulumira kwa ntchito kuyesedwe ndi chimene chingawonongeke ikachedwa, osati ndi kukweza mawu kwa woituma. Lipoti limene likachedwa ndalama za miyezi itatu sizibwera n'lofunika kuposa kalata imene bwana akuifuna lero chifukwa choti waikumbukira lero. Ndi bwinonso kuphunzira momwe aliyense amafunira kumva nkhani: wina amafuna mizere itatu pafoni, wina amafuna kukhala pansi ndi fayilo. Kusintha kalankhulidwe motere n'kololedwa. Chosaloledwa ndi kusintha nkhaniyo, kuti uyu amve zina, uyo amve zina.

Pali ana ena ochenjera amene amaona mabwana awiri ngati mwayi wobisalira. Kwa uyu amati ndili ndi ntchito ya uyo, kwa uyo amati ndili ndi ntchito ya uyu, pamene ali kumsika kapena pa ganyu yawo. Ena akakanizidwa chinthu ndi bwana mmodzi amakachipempha kwa winayo osanena kuti chakanidwa kale. Enanso amadyera kuwiri ndi miseche: kwa madamu amanena zoipa za bwana, kwa bwana zoipa za madamu, aliyense n'kumamuyesa wake. Zimayenda kwa kanthawi, chifukwa akuluakulu awiri osamvana sakonda kufunsana. Koma amakumana ndithu, kumsonkhano, kumaliro kapena m'galimoto ya ulendo wautali, ndipo tsiku limene adzayerekeze zimene akhala akuuzidwa, udani wawo umatha ndipo mdani amakhala mwanayo. Bwana akayamba kudandaula za mnzake pamaso pa wantchito, wantchitoyo amve ndi makutu okha. Asavomereze, asawonjezere, asakanene. Akafunsidwa kuti uli mbali iti, yankho loona n'lakuti onse awiri anapatsidwa kwa iye ndi ofesi, ndipo iye alibe mphamvu yochotsapo mmodzi.

Nkhani ya alawansi siyingalumphidwe, poti ndiyo imapotoza ambiri. Mlangizi wa zaumoyo uja ali ndi sikelo Lachiwiri m'mudzi wa kutali. Amayi adziwitsidwa kale kudzera kwa amfumu, ena adzayenda mtunda wautali ana ali kumsana. Lolemba madzulo kukubwera foni yoti mawa kuli maphunziro a bungwe lina kuboma, ndipo kuli kenakake ka m'thumba. Malipiro ndi ochepa, ndipo palibe amene angamuseke munthu chifukwa choganizira envelopu. Koma akapita mwakachetechete, wasandutsa wopereka alawansi kukhala bwana wake weniweni, ndipo amayi amene abwerera osalandira katemera mwezi wamawa sabweranso onse. Choyenera ndi kudziwitsa womuyang'anira usiku womwewo, kuti iye agamule ngati kupite wina kumaphunziroko kapena wina akagwire sikeloyo. Oitana anthu kumaphunziro osadzera kwa owayang'anira nawonso ali ndi mlandu, koma mlandu wawowo suchotsa wa amene wasiya ntchito yake.

Pakutha pachaka pamabwera kuunika kagwiridwe ka ntchito, ndipo munthu wa mabwana awiri amatha kuluza popanda kulakwa. Wolemba fomuyo anaona theka lokha la ntchito yake. Theka linalo linachitikira kwina ndipo iye salidziwa. Wantchito apemphe pachiyambi pachaka kuti zolinga zake zilembedwe pamodzi ndi mabwana onse, ndipo nthawi younika ikayandikira apemphe kuti bwana winayo naye alembepo maganizo ake. Kabuku ka hadikava kaja kamagwiranso ntchito pano, chifukwa mu Disembala palibe amene amakumbukira zimene zinachitika mu Malichi. Ntchito ikayenda bwino, kuthokoza kupite kwa onse amene anaithandiza. Bwana amene anabwereketsa munthu wake kwa milungu itatu amafuna kumva kuti kudzimana kwakeko kunaoneka.

Si zonse za ubwana wapawiri zili zowawa. Mwana amene wakhala pansi pa akuluakulu awiri amaphunzira ntchito ziwiri nthawi imodzi, amadziwa momwe ndalama zimayendera komanso momwe ntchito ya kumudzi imayendera, ndipo pofuna ntchito ina amakhala ndi anthu awiri omuchitira umboni. Fayol mwiniyo, ngakhale ankalimbikira za mkulu mmodzi, anavomereza kuti kudikira kuti nkhani iliyonse ikwere mpaka pamwamba n'kutsikiranso mbali ina kumachedwetsa ntchito. Analola kuti antchito a nthambi ziwiri azilankhulana mwachindunji, bola akuluakulu awo avomereze ndipo azidziwitsidwa zimene zagwirizanidwa. Wantchito wa mabwana awiri amakhala pamalo oterewa tsiku ndi tsiku, ndipo ndiye amayamba kuona pamene nthambi ziwiri zikuchita ntchito imodzi kawiri kapena pamene pali ntchito imene aliyense akuganiza kuti ndi ya mnzake.

Pali malire amene kumvera sikudutsa. Bwana mmodzi akalamula chinthu chophwanya lamulo, monga kusayina vocha ya ntchito imene sinagwiridwe, kulemba mayina a anthu amene sanabwere kumsonkhano, kapena kubisira bwana winayo za ndalama, nkhaniyo yasiya kukhala ya kusemphana kwa ntchito. Mawu akuti "izi zikhale pakati pa iwe ndi ine, awo asadziwe" ndi chizindikiro chokwanira. Milandu ya Cashgate imene inaphulika mu 2013 inaonetsa kuti si akuluakulu okha amene amakaima m'khoti. Antchito ang'onoang'ono a m'maofesi a ndalama nawonso anamangidwa. Siginecha ndi ya mwini dzanja, ndipo kunena kuti bwana anandiuza sikufufuta dzina papepala. Wantchito apemphe kuti lamulo lotero lilembedwe. Malamulo ambiri oipa amafera pomwepo, chifukwa wolamulayo safuna kusiya phazi.

Zimachitikanso kuti mwana wachita zonse zoyenera, wanena msanga, walemba, wapempha kuti akumane, koma akuluakuluwo akukana kumvana, mwina chifukwa akulimbirana mpando kapena anayambana kalekale iye asanabwere. Njovu zikamamenyana umavutika ndi udzu. Apa nkhani iyenera kukwera kwa munthu amene ali pamwamba pa onse awiri, kapena ku ofesi yoona za antchito, ndipo mabwanawo adziwitsidwe kaye kuti ikukwera, kuti asaimvere kwina. Pokanena, wantchito afotokoze za ntchito osati za makhalidwe a anthu: ntchito zakuti zinawombana masiku akuti, chinawonongeka n'chakuti, chimene akupempha ndi kuuzidwa womaliza kulankhula. Lamulo la ntchito la 2000 limaika maola 48 pasabata ngati malire a nthawi yogwira ntchito kwa antchito ambiri, ndipo maolawo sachulukitsidwa ndi chiwerengero cha mabwana. Opitirira pamenepo ndi ovataimu. Lamulo lomwelo limati munthu asachotsedwe ntchito popanda chifukwa chomveka, ndipo ngati chifukwacho chikukhudza khalidwe kapena kagwiridwe kake ka ntchito, apatsidwe mpata wodziteteza. Ogwira ntchito m'boma ali ndi malamulo awo owonjezera pa zodandaula ndi chilango, ndipo amene ali m'bungwe la antchito akhoza kupempha nthumwi yawo kuti iwaperekeze. Zikakanika mkati, dandaulo limapita ku ofesi ya zantchito ya m'boma lomwelo, kenako ku Industrial Relations Court, khoti la milandu ya zantchito. Kumeneko mlandu wa munthu amene akuti sanamvere bwana wina umayang'anidwa potengera kalata yomulembera ntchito, chikalata chofotokoza omuyang'anira, ndi mauthenga osonyeza kuti ananena liti za kuwombana kwa ntchitozo komanso anayankhidwa chiyani.